Yankho pa funso la LISP imene ikusokonekera pa BricsCAD

Achimwene, mwafotokoza kuti pulogalamu yanu ya AutoLISP (mtundu wa chinenero cha pakompyuta cha LISP) yolemba manambala a mapuloti imayenda bwino pa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, ya ku ofesi kwanu ku Ginnery Corner, koma pa BricsCAD ya kunyumba, pulogalamu ina yogwira ntchito yofanana ndi AutoCAD, ikulemba "0" wopendekeka m'malo mwa nambala ya puloti. Musanaimbe mlandu BricsCAD, onani kaye mmene mukuitanira malamulo ndi (command ...).

Chida chimenechi cha (command ...) sichimva tanthauzo la zimene mwachipatsa. Chimangoponya mayankho motsatana ku mafunso amene lamulo likufunsa, ndipo funso limodzi likadumphidwa, mayankho onse otsatira amagwera pa mafunso olakwika. Lamulo la TEXT limafunsa kutalika kwa zilembo pokhapokha ngati text style (kalembedwe ka zilembo) imene ikugwira ntchito ili ndi kutalika kwa 0. Ngati chojambula cha kunyumbacho chili ndi style yokhala ndi kutalika koikidwiratu, 2.5 amene munafuna akhale kutalika amasanduka kupendekeka kwa zilembo, ndipo 0 amene munafuna akhale kupendekeka amasanduka mawu olembedwa. Ndikukhulupirira kuti vuto lanu ndi limeneli, ndipo likhoza kuchitikanso pa AutoCAD yomweyo.

Kuti mutsimikize, ikani CMDECHO pa 1 kuti mafunso a malamulo azioneka, yendetsani pulogalamuyo, kenako dinani batani la F2 kuti muone zonse zimene zachitika ndi kuwerenga funso lililonse pamodzi ndi yankho limene lalandira. Chitani zimenezi pa makompyuta onse awiri, ndipo malo amene zikusiyana adzaonekera okha.

Yang'ananinso OSMODE, imene imalamulira object snap, chida chokokera point pa zinthu zojambulidwa kale zimene zili pafupi. Ineyo ndinataya tsiku lathunthu pa chojambula cha mapuloti a ku Machinjiri chifukwa object snap inali kukokera mabikoni (zizindikiro za malire a puloti) ku mizere yapafupi, ndipo cholakwikacho chinkabwera pokhapokha ndikachepetsa zoom, chifukwa pamenepo mizere yambiri imalowa m'dera limene snap imagwira. Sungani nambala ya OSMODE, muiike pa 0, ndipo muibwezeretse pomaliza, kapena lembani "_non" patsogolo pa point iliyonse. Maina a malamulo azilembedwa ngati "_.-INSERT": kamzere kapansi kamasunga dzina la Chingerezi, kadontho kamaitana lamulo lenileni ngakhale wina atalisintha, ndipo kamzere kapakati kamaletsa dialog box kutseguka. Ngati muli ndi (command) mkati mwa *error*, gawo la pulogalamu limene limagwira ntchito pakachitika cholakwika, dziwani kuti kuyambira pa AutoCAD 2015 pamafunika command-s pamenepo.

Koma malangizo anga enieni ndi akuti pa zilembo ndi mizere musiyiretu (command), mugwiritse ntchito entmake, imene imalemba chinthucho mwachindunji m'chojambula popanda kufunsa funso lililonse. Kutalika mumakuika pa code 40, kupendekeka pa 50, mawu pa 1, ndipo kumbukirani kuti pa code 50 entmake imafuna ma radian, osati madigiri. Mukayesa, tumizani muno mizere imene F2 yakusonyezani kuti tiione pamodzi.