Louis de Funès anatchuka ali ndi zaka 50

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo. Akuti pa YouTube anaonera filimu yakale ya ku France momwe muli wapolisi wamfupi, wadazi, wosachedwa kupsa mtima, ndipo anaseka mpaka misozi ngakhale samva Chifalansa. Akufunsa kuti bamboyu ndani, nanga luso lotere munthu amachita kubadwa nalo?

Achimwene, ameneyo ndi Louis de Funès. Anabadwa pa 31 July 1914 ku Courbevoie, pafupi ndi Paris, makolo ake anali ochokera ku Spain. Pa funso lachiwirilo, ine ndikuti ayi. Mphatso analidi nayo, koma zimene munaonazo anazikhetsera thukuta kwa zaka zambiri.

Poyamba ankaimba piyano usiku m'mabala a mu Paris kuti apeze yodyera. Atalowa m'mafilimu nkhondo yachiwiri itangotha, ankangopatsidwa timbali tochepa, kuonekera kamphindi basi. Zinakhala choncho kwa zaka zoposa khumi.

Kumene anasulidwa kwenikweni ndi pasiteji, ndipo apa ndi pamene ambiri sayang'ana. Kuyambira mu 1959 ankasewera m'sewero la Oscar, ngati bwana wolemera amene zonse zamusokonekera tsiku limodzi. Kubwereza sewero lomwelo usiku ndi usiku, anthu ali pamaso pake, kunamuphunzitsa nthawi yeniyeni yokwinya nkhope, yokuwa, yongokhala duu. Kamera siingakuphunzitse zimenezo, chifukwa siiseka.

Wapolisi munamuonayo ndi Cruchot wa m'tauni ya Saint-Tropez ku France, amene anamusewera koyamba mu 1964, ali ndi zaka 50. Mu 1966, filimu ya La Grande Vadrouille, yomwe anasewera ndi wanthabwala mnzake Bourvil, inagulitsa matikiti oposa 17 miliyoni ku France. Chimene chimandikoka mwa iye n'chakuti ankasewera munthu amene tonse timamudziwa: wogwadira akuluakulu, wozazira amene ali pansi pake. N'chifukwa chake munaseka osamva mawu.

Masewero otaya mphamvu chonchi anamudya thupi. Mu 1975 anadwala mtima kwambiri, ndipo atabwerera m'mafilimu mu 1976 anali wowonda, wosewera modekha. Analandira César yaulemu, mphotho ya mafilimu ya ku France, mu 1980, n'kumwalira ku Nantes pa 27 January 1983.

Ngati mukufuna kuona zimene siteji inamupatsa, fufuzani filimu ya Oscar ya mu 1967, makamaka pamene akudzikoka mphuno chifukwa cha mkwiyo.