Jaji wakana kuthetsa mlandu msanga, kodi apilo ndi yotheka?

Achimwene ena a ku Indiana, ku America, andilembera imelo. Kampani yawo ya mathiraki yasumiridwa kukhoti la federal (la boma lalikulu la America), loya wawo anapempha summary judgment, kutanthauza kuti jaji agamule mlandu usanazengedwe poti palibe chokanganirana pa umboni. Jaji wakana. Akufuna kuthamangira apilo mawa lomwe.

Ndinawerengera m'basi mpaka kupitirira potsikira, chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo. Kuntchito kwina anandichotsa nditadandaula za maola owonjezera osalipidwa. Ndinasuma, iwo n'kupempha zomwezi. Miyezi yambirimbiri ndikugona pasofa ya alamu anga, amayi ku Ntcheu akuimba Lamlungu lililonse kufunsa ngati mlandu watha. Kwa iwo mlandu ndi wa tsiku limodzi pansi pa mtengo, mbuzi n'kuperekedwa. Jaji atawakanira, loya wa kampani anatiopseza ndi apilo. Wanga anangoseka.

Anaseka chifukwa lamulo la 28 U.S.C. 1291 limalola apilo pa chigamulo chomaliza chokha, ndipo kukanidwa kwa summary judgment sikutseka mlandu. Pepani achimwene, ine lamuloli ndimaliikira kumbuyo. Apilo ya pakatikati ndi ndodo ya wandalama, amakutopetsa nayo mpaka uleke wekha.

Chimandinyansa n'chakuti apolisi ndi ogwira ntchito m'boma ali ndi khomo lawolawo. Chigamulo cha Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri ku America, pa mlandu wa Mitchell v. Forsyth cha 1985 chimawalola kuchita apilo pomwepo akakanidwa qualified immunity, chitetezo chimene chimawatchinjiriza kuti asasumiridwe wamba pa zomwe achita pa ntchito yawo. Mu 1995, pa Johnson v. Jones, khomolo analichepetsako: mkangano ukakhala wa umboni, nawonso adikire. Koma inu si wapolisi.

Nanga mutani?

Mungapemphe jaji avomereze apilo yapadera pa lamulo la 28 U.S.C. 1292(b), kenako mupemphe khoti la apilo pasanathe masiku 10, ndipo likhoza kukana osafotokoza chifukwa. Apo ayi, mlandu uzengedwe. Supreme Court inagamula mu 2011 pa Ortiz v. Jordan kuti mlandu ukazengedwa simungabwerere kukadandaula za umboni wa nthawi ya summary judgment. Pa Dupree v. Younger mu 2023 inati funso la lamulo lokhalokha limapita ku apilo ngakhale simunalibwereze. Kulekanitsa ziwirizi kumavuta, ndiye loya wanu abwereze zonse kudzera mu Rule 50, lamulo lopemphera jaji kuti agamule yekha mlandu ukuzengedwa: jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu) isanapatsidwe mlandu kuti igamule, komanso pasanathe masiku 28 chigamulo chitalembedwa.