Yankho kwa achimwene afunsa za mfuti ya agogo yolembedwa GR 1917

Achimwene, pa zithunzi mwaponyazi za mfuti mwaipeza kudenga kwa malemu agogo anu, iyi si gogodela ngati ena akunenera mu makomentimu. Ndi Lee-Enfield ya a Britain, ija anthu amangoti 303, magazini yake imalowa zipolopolo 10.

Zidindo zonse zili pa kachitsulo kozungulira kaja kolumikiza thako la mfuti, mbali ya kumanja pansi pa bolt, chitsulo chomwe mumakoka polowetsa chipolopolo. Korona ndi GR ndi mfumu George V, BSA Co ndi fakitale ya ku Birmingham, 1917 ndi chaka anaipanga, ndiye ShtLE III ndi kanyenyezi ndi mtundu wake. Mtundu wa III umenewu (Mk III) unayamba 1907 koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itavuta anachotsako tizinthu tina kuti azipanga zambiri mwachangu, kanyenyeziko nkoonetsa zimenezo. Pa mfuti zina za mafakitale ena mupeza Enfield, LSA ya ku London, Lithgow ya ku Australia kapena GRI ya ku Ishapore, India. Kamuvi ka timizere titatu kaja ndiye kuti katundu wa boma, mukaona timivi tiwiri toyang'anizana nsonga ndiye boma linaigulitsa mwalamulo.

Tsono zoti agogo anamenya nayo nkhondo ku Burma ali ku Keyala, apa mtima pansi kaye. Zoonadi asilikali a Keyala (KAR, King's African Rifles) ochokera kuno ku Nyasaland ankagwira Lee-Enfield, koma chaka chokha sichingachitire umboni, mfutizi zimazungulira heavy, zimabwerera ku fakitale nkudindidwa FTR kusonyeza kuti zakonzedwanso, kenako kupita kupolisi kapena kwa osaka nyama, komanso msilikali pobwera kwawo mfuti amabweza. Yang'anani pa thako ngati pali kandalama ka mkuwa kokhomedwa ndi sikuluwu, nthawi zina pamenepo pamalembedwa gulu lomwe inali, ngakhale zambiri ndi zosalemba kanthu. Fananizaninso nambala ya pa bolt ndi ya pa thupi la mfuti, zikasiyana ndiye kuti ndi yophatikiza ndipo mtengo wake umatsika.

Chandiopsa ine ndi chithunzi chachitatu, pamwamba pomwe payambira mpope pakuoneka ngati DP. Jambulaniponso pa dzuwa. Ngati ilidi DP ndiye inachotsedwa pa zowombera, inali ya perete ndi kuphunzitsira basi, musayerekeze kuikamo chipolopolo olo wina akuuzeni kuti ndi katswiri, ikhoza kukuphulikirani kumaso.

Ndipo chonde sandipepala ayi!! Anthu amapala dzimbiri kuti iwale nkufufuta zidindo zonse zomwe tikuwerengazi. Kansalu ndi kaoilo pang'ono zakwana. Musayambe mwaigwiragwira musanatsimikize kuti mulibe chipolopolo mkati, ndipo nkhani ya laisensi pitani mukaifotokoze kupolisi musanayende nayo, pepala la agogo silikhala lanu ayi.