Ndikufuna kulembanso mayeso a Fomu 4, koma ndikuopa kulepheranso

Sabata yatha ndinalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza, wa zaka 34. Akuti analemba MSCE ali mtsikana ndipo Chingerezi chinawagwetsa. Pano amagulitsa kaunjika, ali ndi mwana wa Fomu 2, ndipo mtima wawo uli pa maphunziro a unamwino. Funso lawo ndi ili: "Chaka chilichonse ndimati ndikalembetsa, koma nthawi ikakwana ndimabwerera m'mbuyo. Ndikalepheranso, mwana wanga ndi anthu a kumpingo adzandiona bwanji?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndaiwerenga kalata yanu katatu, ndipo ndaona kuti simunatchulepo phunziro limodzi lomwe limakuvutani lero. Mwatchula mwana, mwatchula akumpingo, mwatchula atsikana a yunifolomu omwe mudzakhala nawo m'chipinda cholembera. Chimene chikukumangani miyendo ndi maso a anthu, osati pepala la MANEB. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Tiyambe ndi pepala. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndiye kulephera. Popanda kukhoza Chingerezi satifiketi sibwera, ngakhale zina zonse mutazikhoza bwino, ndipo n'zimene zinakuonekerani inu. Tsono taonani: kwa zaka zonsezi mwakhala mukudzitcha wolephera chifukwa cha nambala imodzi pa phunziro limodzi. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa pamene ndinkaphunzitsa makalasi a masana ndinakumana ndi amayi ambiri otere, anzeru zawo, owerengera ndalama za bizinesi pamtima osalakwitsa, koma akangomva mawu oti mayeso manja ankanjenjemera.

Langizo langa n'lakuti mulephere kaye kunyumba, komwe kulibe wokusekani. Pezani mapepala a mayeso a zaka zaposachedwa. Aphunzitsi a sekondale yapafupi amakhala nawo, enanso amatumizirana pa WhatsApp. Loweruka lina m'mawa tsekani chitseko, ikani foni patebulo ngati wotchi, lembani chimangirizo chimodzi cha Chingerezi ndi ndime imodzi ya kumvetsa nkhani. Kenako mupatse mphunzitsi mmodzi achonge mosakunyengererani. Mwina adzakupatsani malikisi ochititsa manyazi. Palibe kanthu. Mantha omwe alibe nambala amakula usiku mpaka kudzaza nyumba, koma akati "mwapeza 12 pa 40, vuto ndi ma tense", mwapeza mdani woti mutha kulimbana naye Lolemba. Muchite zimenezi mwezi ndi mwezi, ndipo mudzaona nokha ngati nambalayo ikukwera.

Dziwaninso kuti silabasi inasintha kuchokera nthawi yanu. Physical Science anaigawa kukhala Physics ndi Chemistry, ndipo mabuku a literature ndi ena. Pa unamwino adzafuna ma credit pa Chingerezi, Masamu ndi masayansi, ndiye kungokhoza sikukwana. Musadzinamize kuti miyezi itatu ikukwanirani. Dzipatseni chaka chathunthu, mulowe sukulu ya open yomwe imaphunzitsa masana ana ena akaweruka, ndipo ndalama yolembetsera muziika padera pang'onopang'ono, kaya ku banki m'khonde.

Tsopano za anthu. Sindikunamizani kuti sadzalankhula. Adzalankhula ndithu, walira mvula walira matope. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ankatoleza zitsulo zotayidwa kuti apange makina a magetsi oyendera mphepo, ndipo anthu a m'mudzi ankati wachita misala. Omwewo ndi amene anadzabwera kudzatchajitsa mafoni. Sindikunena kuti aliyense adzamaliza maphunziro ku koleji ya Dartmouth ku America monga iye anachitira mu 2014. Ndikungoti pakamwa pa anthu pamatembenuka msanga, ndipo si pomangapo zaka khumi za moyo wanu. Komanso simukakamizidwa kulengeza ku msonkhano wa amayi. Uzani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, woti azikufunsani Lachisanu lililonse kuti mwawerenga chiyani.

Za mwana wanu ndiye ndikutsutsani poyera. Mukuganiza kuti adzachita manyazi mayi ake akalephera. Koma panopa akuphunzira chiyani akamaona mayi ake akulakalaka chinthu chaka ndi chaka osachiyandikira? Tsiku lina iyenso adzagwa pa china chake, ndipo adzachita zomwe anaona kwa inu. Mwana wa Fomu 2 amadziwa kale ma tense omwe inu mwaiwala. Mupempheni akuphunzitseni madzulo mukatha kudya, mumulole akukonzeni ndi cholembera chofiira.

Ndipo mukadzalepheradi? Mudzataya ndalama ya mayeso, mudzalira masiku angapo, kenako mudzatsegula belo la kaunjika monga mwa masiku onse, muli ndi Chingerezi chabwino kuposa cha lero komanso mwayi wolembanso. Mundilembere mukachongetsa chimangirizo choyambacho, mundiuze malikisi ake, kaya ndi otsika bwanji.