Kadimba ka kuseri kwa nyumba ku Moatize: yambani mwawerengera madzi

Funso: Ndimakhala ku Moatize, pakhomo tilipo anthu 6. Tsiku lililonse ndimawononga 60 meticais kugula masamba, matimati ndi anyezi. Kuseri kwa nyumba kuli kamalo, koma madzi timachita kulipira. Kodi ndikamalima ndekha ndipulumutsapo kanthu, kapena ndingodzitopetsa? Ndine mayi wa ana anayi.

Yankho: Mayi, 60 meticais imaoneka yochepa poitulutsa pa mfundo ya chitenje, koma pamwezi ndi 1,800. Ndiye mwachita bwino kufunsa. Limani ndithu, koma osati zonse mwatchulazo.

Matimati ndi anyezi asiyeni kaye. Matimati amafuna madzi ambiri ndi mankhwala, ndipo dzuwa la Okutobala ku Moatize, lija limapitirira madigiri 40, limayoyola maluwa musanaone chipatso. Anyezi amakhalitsa m'munda miyezi ingapo. Alimi a ku Angónia ndi Tsangano ali kumtunda kozizira, ali ndi madambo, simungapikisane nawo ndi madzi a mu bili. Kwa iwo gulani. Gwirizanani amayi anayi kapena asanu, monga muchitira pa chipereganyu, mugule thumba la anyezi kapena la mbatata ya kachewere nthawi yokolola, mugawane. Wogula kamulukamulu amalipira phindu la anthu angapo amene katunduyo wadutsa m'manja mwawo kuchokera ku Ulongwe, tauni ya ku Angónia. Anyezi wouma bwino mukamuyanika pamthunzi podutsa mphepo amakhala miyezi osaola.

Masamba ndiwo anu. Bonongwe amapirira kutentha, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Kholowa safuna n'kugula mbewu komwe, mungopempha mphukira za mbatata kwa mnansi. Mpiru ndi repu muzidikire nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Pa madzi chitani motere. Tengani thumba lakale la 50 kg, muthiremo dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, pakati muike mzere wa timiyala kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika. Boolani m'mbali, mubzale mbande m'mabowomo ndi pamwamba. Madzi otsukira mpunga, masamba ndi nsomba musatayenso pabwalo, thirani m'thumbamo madzulo dzuwa litapepa. A sopo wambiri ayi. Matumba anayi akukwanirani poyambira.

Manyowa ku Tete savuta, mbuzi zili ponseponse. Koma mbuzi zomwezo ndi zimene zidzakudyereni dimba lonse m'mawa umodzi inu muli ku msika. Ine zinandichitikira, mpiru wa mwezi wathunthu kutsala timitengo. Mpanda wa minga kapena wa bango uyambe, mbewu pambuyo.

Dzinja likafika nkhwani ndi khwanya zimachuluka mpaka kutsika mtengo. Pamenepo futsani monga ankachitira agogo: kuwiritsa pang'ono, kuyanika, kusunga pouma. Mfutso wotendera ndi nsinjiro mu Okutobala, masamba atakwera mtengo, ndi ndalama imene yatsala m'thumba.

Chomaliza, gulani kakope. Mwezi woyamba lembani za mbewu, za mpanda ndi zimene bili ya madzi yakwera. Tsiku limene mwathyola ndiwo kuseri, ndalama ya masamba ija iikeni padera mu akaunti ya pa foni, kaya M-Pesa kaya e-Mola. Ikangokhala m'manja ipita ku mayunitsi a foni. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, tiwerengere limodzi ngati muwonjezere matumba.