Tomato wa apongoziyo muyanikeni, dzuwa la Salima ndi laulere

Mayi inu mwafunsa za madengu awiri a tomato amene apongozi atumiza kuchokera kudimba kwawo ku Lifidzi, pomwe firiji mulibe, imvani kuno. Zogulitsa iwalani kaye. Nyengo ino aliyense wa dimba akukolola, ndiye pa Kamuzu Road mukangopsa ndi dzuwa, madzulo n'kubwerera naye atafewa.

Lero lomwe mukhuthule madenguwo, chifukwa wapansi akuphwanyika ndipo mmodzi akaola amapatsira anzake. Wolimba amene wangoyamba kufiira muyale pamphasa m'chipinda chozizirirako, osasanjikiza, osatsuka. Ameneyo ndi wa ndiwo za masiku akubwerawa. Wonunkha ndi wobooledwa ndi mbozi apite kudzenje la manyowa, musamumvere chisoni.

Wakupsa bwino koma wosafewa ndiye wa mfutso, ndipo kuno ndi njira imene ndimaikhulupirira. Mutsuke, mumudule mozungulira, kunenepa kwake kuchepereko pa chala chakanise, muwaze kamchere. Muyanike pathandala ngati la usipa lija, kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba. Pansi ayi, mbuzi ndi nkhuku zikuthandizani kudya. Padenga la malata ayinso, madzi a tomato ndi owawasa, amadya malata ndipo amatenga dzimbiri. Pamwamba mufunditse kansalu kopyapyala, kaya katani yakale, poopa ntchentche ndi fumbi. Koma chonde, osati neti ya udzudzu! Kunyanja kuno malungo mukuwadziwa. Tsiku lachiwiri mutembenuze, ndipo madzulo aliwonse muzilowetsa m'nyumba kuti mame asamunyowetse. Ndi dzuwa la Okutobala, masiku atatu mpaka asanu amakhala wauma. Mukamufinya pazala asatuluke madzi, asamatenso. Musadabwe dengu lonse likangokwana m'lichero limodzi: tomato ndi madzi okhaokha, oposa 90 pa 100 alionse. Musunge m'botolo louma lotseka bwino, kapena mumusinje mumtondo akhale ufa. Mu Febuluwale, tomato atatu akamadzagulidwa mtengo wa ndiwo yathunthu, inu mudzangotapa supuni ziwiri n'kuthira mu utaka kapena m'chigwada. Wosasinja mudzamuviike kaye m'madzi ofunda.

Wofewa ndi wong'aluka sangadikire dzuwa, aphikidwe mawa m'mawa. Mumuviike pang'ono m'madzi owira, khungu limasendeka lokha, kenako pamoto mpaka madzi aphwe, atsale phala lolimba. Makala amapita ndithu, ndiye ngati nkhuni zilipo sonkhani pamafuwa. Mabotolo agalasi a mayonezi kapena a jamu, a zotsekera zachitsulo zosachita dzimbiri, muwawiritse kaye. M'botolo la theka la lita muthire supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu. Ndimuyo musamudumphe, ndi amene amaletsa tizilombo toopsa kuswana m'botolo lotseka. Anyezi ndi mafuta musaikemo, mudzakazinga tsiku lophika. Mukathira tomato wotenthayo musiye kampata pamwamba, mutseke, muike mabotolo mupoto yoyala kansalu pansi, madzi amize zotsekera, awire mphindi 45. Akazizira chotsekera chimalowa m'kati. Botolo limene chotsekera chake sichinalowe mudye tsiku lomwelo. Limene ladzatupa, kuchita thovu kapena chuku, mudzataye osalawa n'komwe.

Wina anakuuzani m'gulu muno kuti mungothira m'zigubu zapulasitiki za mafuta ophikira. Ayi mayi, kutentha kwa kuno zimenezo zimasasa masiku awiri asanathe.

Ndowa imodzi mupatule. Ngati mungapeze wopita ku Senga Bay, amayi oyanika nsomba kudooko kuja nawonso amafuna tomato wa ndiwo, msinthano ndi usipa umatheka mukalankhula nawo bwino. Aneba muwagawireko, ndipo madengu a apongozi asabwerere opanda kanthu, kaya kasuga, kaya usipa womwewo.

Simunanene mtundu wake. Ngati ndi Tanya, wautali wolimba khungu uja, yanikani wambiri, amauma msanga. Ngati ndi wozungulira wamadzimadzi, wochuluka apite kupoto, ndipo mabotolo muyambe kupempha kwa aneba madzulo ano.