Mdzukulu wanga, "vous" ndi inu

Kalata yabwera kuchokera kwa mdzukulu wanga. Akuti: "Agogo, buku langa la Chifalansa linalembedwa m'Chingerezi, ndipo likuti tu ndi you, vous nayenso ndi you. Mwezi wamawa ndikupita kusukulu ku Lyon, m'dziko la France, ndikakhala panyumba pa mayi ena achikulire. Ndizikawayankhula bwanji? Anzanga akuti masiku ano aliyense amangoti tu."

Mwana wanga, bukulo silinaname, koma analembera Angerezi, anthu amene chinenero chawo chinataya mawu amodzi panjira. Kale anali ndi thou wa munthu mmodzi, lero anangotsala ndi you, yemweyo wa mwana, yemweyo wa mfumu. N'chifukwa chake Mngerezi amatuluka thukuta pa nkhaniyi. Iwe usavutike nawo. Tu ndi iwe, vous ndi inu. Anthu akakhala ambiri ndi vous, munthu mmodzi womulemekeza ndi vous, monga momwe umanenera kuti "muli bwanji" kwa amalume ako ngakhale ali okha pakhonde.

Mayi a ku Lyon aja ukawapatse vous kuyambira pachipata. Ukati "Bonjour Madame, comment allez-vous?", kutanthauza "Moni mayi, muli bwanji?" Popempha kanthu ukati s'il vous plaît, ndiye "chonde" wawo, chifukwa s'il te plaît ndi wa anzako a m'kalasi. Wogulitsa buledi, woyendetsa basi, aphunzitsi, wapolisi, onsewo vous. Anzako amsinkhu wako mukayamba ndi tu tsiku loyamba lomwe, pamenepo sanakunamize. Koma iwo akuona bwalo la sukulu lokha. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Afalansa nkhaniyi amaitenga mozama moti ali ndi aneni ake: tutoyer, kuyankhula munthu ndi tu, ndi vouvoyer, kumuyankhula ndi vous. Tsiku lina, mwina patapita miyezi, mayiwo angakufunse kuti "On peut se tutoyer?", kutanthauza "Tingamayankhulane ndi tu?" Kumeneko ndi kukutsegulira khomo la kuchipinda chamkati. Amene amatsegula ndi wamkulu, kapena wa udindo. Iwe usagogode. Ndipo akamakuti tu iwe ukuwati vous, usaganize kuti akukunyoza. Mu June 2018, pa mwambo wina wokumbukira nkhondo ku Mont Valérien pafupi ndi Paris, mnyamata wina anapatsa moni Pulezidenti wa France Emmanuel Macron pomutchula Manu, dzina lachidule. Macron anaima namuuza kuti azimutchula Monsieur, kutanthauza Bambo, koma iye mwini pomudzudzulapo ankagwiritsa ntchito tu. Wamkulu akutsitsa tu, wamng'ono akukweza ulemu, ngati kwathu kuno.

Tsono pali pamene mwambo wawo ndi wathu zimasiyana, ndipo pamenepa mpamene ndinagwa ine. Chifalansa ndinachiphunzira kwa wansembe wina ndili mnyamata, ndipo ndinkadziona ngati ndachidziwa. Tsiku lina kunabwera alendo a ku France, banja lathunthu. Ndinamva kamtsikana ka zaka ngati zisanu kakuti tu kwa agogo ake, gogo wa imvi mbuu. Magazi anandithamanga. Ndinakatengera kamwanako pambali n'kukauza kuti kazinena vous. Kanandiyang'ana ngati ndapenga, ndipo agogo akewo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anandifotokozera kuti m'banja mwawo vous angamveke ngati mwanayo wawakana, ngati wawaika panja ndi alendo. Kwa iwo tu si chipongwe chokha ayi, ndi mawunso achikondi. Mwana amati tu kwa bambo ake ndi mayi ake. Ine mpaka lero khutu langa silinazolowere, koma ndi kwawo.

Ngakhale Mulungu amamuti tu. Ife timati "dzina lanu liyeretsedwe", iwo amati "que ton nom soit sanctifié", dzina lako. Akatolika akumeneko kale ankati vous m'pempheroli, anasintha mu 1966 pamene mipingo inagwirizana mawu amodzi. Ukakalowa m'tchalitchi usakadzidzimuke.

Chodabwitsa n'chakuti pa apongozi tikufanana. Afalansa ambiri amati tu kwa makolo awo owabereka koma vous kwa apongozi, ena mpaka zaka makumi. Zimenezi ungozisunga, sindikuti ukabwere ndi mwamuna wa ku Lyon, takutuma sukulu.

Anzako aja si oyamba kufuna kukwirira vous. Pa nthawi ya kuukira ufumu ku France, cha mu 1793, otentha mitu ankati aliyense azinena tu posonyeza kuti anthu onse ndi ofanana. Sizinakhalitse. Chipwirikiti cha ophunzira cha mu May 1968 chinamukankhanso tu patsogolo, ndipo lero m'maofesi ambiri anthu ogwira ntchito limodzi amati tu. Ku Québec, chigawo cha Canada choyankhula Chifalansa, ndiye amafulumira naye kuposa ku France. Koma vous akadali moyo.

Lilime likakaterereka n'kunena tu kwa mayiwo, usakathawire kuchipinda. Ukangoti pardon, n'kubwereza chiganizocho ndi vous. Mlendo amamukhululukira. Ukafika undilembere, undiuze ngati galu wa panyumbapo ukumuti tu, chifukwa ine ndinamupatsapo vous galu wa wansembe uja.